Guluu Aume Kaye

Kuchipinda cha kuseri,
Lachinayi, 16 Meyi.

Okondedwa Achemwali,

Amene ndikulankhula ndine mlongo wanu, wosoka nsapato uja, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, ngati chiphaso changa sichinama. Ndayamba n'kudzitchula chifukwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapita osamvana, ndipo dzanja lalemba kalatayi simukulidziwa. Ine cholembera sindinachigwirepo, zimenezo mukuzidziwa. Akulembawa ndi aphunzitsi ena opuma pa ntchito, okhala nyumba yachitatu kuchokera pano. Iwo aima panja, pepala alitsamiritsa pazenera. Ine ndakhala pabedi m'katimu. Pakati pathu pali zitsulo. Ndawapempha kuti alembe mawu mmene akutulukira, osawadzoza mafuta. Mukapeza popindika, dziwani kuti ndi pakamwa panga, osati dzanja lawo.

Kaya muli bwanji kumeneko? Ine kuno ndilipo, koma kukhalapo kwake ndi kwa mbuzi ya pachingwe: msipu ulipo, madzi alipo, chingwe nachonso chilipo.

Ndiyambe ndi mwendo, poti ndi umene unandibweretsa kuno. Chaka chatha, mvula itangoyamba, ndinaterereka pa masitepe a kudepoti ya mabasi ndili ndi bokosi langa la zida paphewa. Fupa la m'chiuno linathyoka. Kuchipatala anaikamo chitsulo, n'kundipatsa ndodo ziwiri. Mwana wanga wamkulu, uja munkamubereka kumbuyo akulirira shuga, ndiye anadzanditenga. Panopa ndi bwana ku ofesi kwawo, ndiponso ndi mkulu wa mpingo. Anandiika m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yake. Muli bedi labwino, bulangeti latsopano, wailesi, ndi zenera limodzi loyang'ana kanjira kamene anthu amadutsa popita kumsika. M'mawa iye ndi mpongozi wanga akamapita ku ntchito amakhoma chitseko cha kutsogolo, n'kukhomanso geti, akuti kuopa akuba, kuopanso ine kuti ndingatuluke n'kukagwanso. Chakudya amandisiyira patebulo chovundikira ndi mbale. Sindinagonepo ndi njala. Zimenezi ndikufuna zilembedwe, kuti wina asadzati ndinanyoza mwana wondidyetsa.

Chimene chandikola pakhosi ndi kubafa.

Sindingathe kulowamo ndekha, pansi pake ndi poterera. Ndiye m'mawa uliwonse mwanayo amandigwira mkono, n'kundikhazika pa mpando wa pulasitiki, n'kundivula. Achemwali, pepani, ndinu mlongo wanga, koma nkhani yake ili pamenepo. Amandithira madzi, amandipaka sopo kumutu, thaulo wakoleka paphewa pake. Sopo akangofika m'maso, amayamba.

"Bambo, mwaganizapo za moyo wanu?"

"Ndaganizapo, mwanawe. Tsuka kumasoku."

"Ndikutsukani, musafulumire. Munthu wa msinkhu wanu kumakhala pa depoti ndi zidakwa, mumati Mulungu sakuona? Kugwa kuja sikunali kugwa wamba. Linali belu."

Akachoka pa belu amapita pa fodya wa pamphuno amene ndinasiya kalekale. Akachoka pamenepo, shuga wa mu tiyi. Kenako mapemphero amene ndinajomba iye ali mwana. Madzi amazizira m'ndowa, ine ndikunjenjemera, maso ali chitsinzinire, ndodo zanga waziimika kunja kwa chitseko. Munthu wosavala satsutsa mlandu, Achemwali. Umangoti inde, inde, maso a mumtima ali pa thaulo. Akamaliza amagwedeza chala kawiri n'kunena kuti, "Ndikunena izi chifukwa ndimakukondani. Wakutsina khutu ndi mnansi." Akatero ndiye thaulo limatsika paphewa.

Aphunzitsiwa tinadziwana chifukwa cha zomwezi. M'mawa amayenda m'kanjiramu kuwongola miyendo, ndipo kazenera ka kubafa kali mbali yomweyo. Tsiku lina eni nyumba atachoka anaima pazenera langa n'kuti, "Odi, agogo. Kodi tchalitchi cha m'bafachi chimalandira alendo? Ndamva ulaliki masabata atatu, koma nyimbo sindinaimvepo."

Ndinaseka mpaka chitsulo cha m'chiuno chinandikumbutsa kuti chilipo. Ndinati, "Agogo ndani? Inu ndi ine tasiyana mano awiri okha."

Kuyambira pamenepo amabwera tsiku ndi tsiku. Iwo ankaphunzitsa Chingerezi, ndiye anandiuza kuti m'chilankhulo chimenecho muli liwu limodzi la khalidwe limeneli. Analitchula katatu, ine ndikayesa limatuluka kuti semonaizi, iwo n'kumagwira nthiti. Ndinafunsa kuti, "Si kulalikira kumene?"

Anati, "Ayi. Abusa pa guwa alibe mlandu. Anthu apita okha, ndipo chitseko n'chotsegula. Liwuli ndi la munthu amene sali pa guwa, palibe wamupempha, koma wadziika pamwamba n'kuyamba kukuuza zabwino ndi zoipa ngati iwe unabadwa dzulo."

"Ndiye ndi kulangiza."

"Wolangiza amayamba wafunsa chimene chakugwera, ndipo amadziwa polekera. Uyu safunsa. Amamva kukoma mawu ake omwe, ngati tambala."

Anatinso liwulo silinenedwa poyamikira munthu. Umalinena utatopa, pouza mnzako kuti aleke kukuchitira zimenezo. Ndipo anati pa zaka zonse zimene anaphunzitsa sanamvepo munthu akudzinenera yekha kuti ndimachita zimenezi ndine. Nthawi zonse wochita amakhala wina.

Kenako ndinati, "Aphunzitsi, mukudziwa dzina limene ankanditchula kudepoti?"

Inu mukulidziwa, Achemwali. A Guluu Aume. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndakhala pansi pa khonde lija, ndipo sindikhulupirira kuti makondakitala amadziwa dzina limene mayi anandipatsa. Koma chimene simukudziwa, chimene sindinauzepo ngakhale malemu mlamu wanu, ndi mmene ntchitoyo ndinkaigwirira.

Munthu akabwera ndi nsapato yong'ambika, amavula n'kukhala pabenchi, phazi limodzi laponda pa katoni. Kuyambira pamenepo ndi wako. Sangapite. Ndani angayende m'tauni ndi nsapato imodzi? Ndiye ine ndinkaitembenuza n'kuyang'ana kunsi kwake. Chidendene chikadyeka mbali imodzi, ndinkati, "Achimwene, kuyenda kwa mowa uku." Nsapato ya mtsikana ikakhala yaitali chidendene, ndinkamufunsa ngati mayi ake akudziwa kumene imapondako. Mnyamata wa nsapato yodula koma sokosi yobooka ndinkamuphunzitsa za kunyada. Guluu amene ndinkagwiritsa ntchito amagwira msanga. Ukapaka mbali zonse ziwiri, kumwa kapu imodzi ya tiyi ndiye kuti wakonzeka. Koma ine ndinkaika nsapatoyo kumbuyo kwanga, kumene mwini wake sangafikire, n'kunena kuti, "Guluu aume kaye." Ankauma ulaliki ukatha. Nthawi zina munthu akaoneka wouma mutu ndinkasoka, n'kumasula, n'kusokanso, ndikunamizira ulusi.

Ankabwerabe, chifukwa nsapato yosoka ine inkatha chikopa msoko uli chilili. Ine ndinkayesa amabwerera nzeru zanga.

Ndipo pabenchi lomwelo, akaweruka kusukulu, pankakhala mwana wanga uja, akupaka polishi, akumvetsera. Chala chimene amandigwedezera kubafa ndi changa. Mwambi wa khutu uja ndi wanga. Ngakhale kukhosomola kumene amayamba nako ndi kwanga. Make mbuu, mwana mbuu. Ndinkaweta kagalu koti kadzaluma ine ndemwe, ndipo sikaluma mwankhanza ayi, kamaluma kakukhulupirira kuti kakundithandiza, monga ndinkakhulupirira ine.

Tsopano ndinene chimene chandilembetsa kalatayi.

Mwezi wathawu aphunzitsi anafika nsapato yawo itayasama kutsogolo ngati ng'ona. Bokosi langa linali pansi pa bedi. Ndinati ailowetse pakati pa zitsulo. Ndinaisoka, iwo ataima mwendo umodzi, atagwira zenera. Manja anga, Achemwali, anadzuka ngati anali mtulo. Mawa lake anabwera ndi nsapato za akazi awo. Kenako mayi wogulitsa tomato anaima, kenako wa njinga, kenako mlonda wa pa sitolo. Pasanathe masabata awiri pazenera panga pankakhala anthu atatu, anayi, akucheza, akuseka, fungo la guluu lili m'chipinda monse. Ndipo ndikulumbira, sindinalalikire ndi mmodzi yemwe. Lilime linkayabwa, makamaka pa wa njinga uja, chidendene chake chinali ndi zambiri zonena. Koma ndinkaluma ulusi n'kukhala chete.

Lachisanu lina mwana wanga anabwerako masana, anaiwala mapepala a ku ofesi. Anapeza mayi wa tomato atakhala pa mwala kunja kwa zenera, phazi lili pa mtunda. Sanakalipe pamaso pa anthu. Anapereka moni bwinobwino, analowa, anatseka katani, anasonkhanitsa singano, mpeni, nyundo ndi guluu, n'kukatsekera bokosi lonse m'galimoto. Nsapato ya mayiyo anaibweza yosatha.

Mawa lake kubafa madzi anazizira kawiri.

"Mukufuna anthu aziti chiyani? Kuti mkulu wa mpingo akulephera kudyetsa bambo ake, mpaka akusoka nsapato pazenera ngati mkaidi?"

Ndinati, "Ngati mkaidi, watero wekha."

"Mwaona? Kusayamika. Akuba amayamba choncho, kuima pazenera, kuona zili m'kati. Ndaitana amisiri. Mbali iyi timangako mpanda."

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinatsegula maso sopo ali momwemo, n'kunena kuti, "Ndibwezere bokosi langa, undiperekeze. Ndikakhale kwina."

Anaseka pang'ono, osati monyoza, koma mmene umasekera mwana akati akufuna kuyendetsa basi. Anati, "Kuti, bambo? Kwa yani? Mayi anapita. Mng'ono wanga foni yanu sayankha. Anzanu a kudepoti abwera angati chigonereni inu kuchipatala? Chabwino. Mundipezere munthu mmodzi, mmodzi yekha, woti anene ndi pakamwa pake kapena alembe kuti bwerani mudzakhale kuno. Ndikunyamulani ndekha pa galimoto, ndi bokosi lanu lomwe. Ine sindinama."

Ndipo n'zoona, sanama. Chimenecho ndinamuphunzitsa bwino.

Ndakhala masiku khumi ndikuyenda ndi mtima khomo ndi khomo. Aliyense amene ndamukumbukira, ndakumbukiranso chimene ndinamuuza ali pabenchi. Aphunzitsi akanandilandira, koma iwonso akusungidwa ndi mwana wawo wamkazi, chipinda chimodzi ndi akazi awo ndi makina osokera. Amisiri anayamba Lolemba. Njerwa zafika m'chiuno mwa aphunzitsi. Lero kuti afike pazenera achita kudumpha, pa msinkhu wawo, amisiri akuwaimbira m'manja. Akuti pofika Loweruka mpanda udzapitirira mutu wa munthu. Ndikadzatsegula katani ndizidzaona simenti.

Keyala yanu wandipatsa ndi mpongozi, mobisa. Anasunga envulopu ya kalata imene munalembera mwana wanga pa maliro a mlamu wanu. Anandiwerengera nthawi imeneyo. Munapepesa ana onse, aliyense ndi dzina lake. Ine munalibemo. Sindinadandaule, ndipo lero sindikudandaula.

Achemwali, chibale ndi fupa, sichi...

Apa aphunzitsi aika cholembera pansi. Akuti, "Mwayambatu. Ikani nsapato ya achemwali anuwa patsogolo." Ndawauza kuti alembe zomwezo, kuti muone mmene matendawa alili. Mwambiwo ndaubweza. Sindinabwere kudzakuphunzitsani za chibale.

Ndinene za tsiku lija.

Munafika kudepoti m'mawa, dzuwa lisanatenthe, ndi kachikwama kamodzi ndi mwana wanu wamng'ono kumanja. Lamba wa nsapato yanu ya kumanzere anali ataduka, munkaikoka. Munakhala pabenchi n'kundipatsa. Munanena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, ndachokako. Ndisungeni masiku ochepa, ndione pogwira." Pabenchi panali anthu ena awiri, ndipo makondakitala anali pafupi.

Lamba ameneyo anali wa misoko isanu ndi umodzi. Ndikanatha musanamalize kupuma. Koma ndinapaka guluu pamene sipafunika guluu, ndinaika nsapato kumbuyo kwanga, ndinakhosomola. Ndinakuuzani kuti banja ndi kupirira. Ndinati mkazi wanzeru amamanga nyumba yake, wopusa amaipasula ndi manja ake. Ndinati alamu ndi munthu wabwino akakhala sanamwe, ndipo mwamuna sakwiya popanda chomukwiyitsa. Ndinakweza mawu kuti a pabenchi amve nawo, chifukwa ankagwedeza mitu ndipo zinkandikomera. Munati, "Achimwene, nsapato yanga." Ndinati, "Guluu aume kaye." Munapemphanso kachiwiri. Kachitatu simunapemphe. Munavula inayo, munaiika m'chikwama, munagwira mwana dzanja, n'kuyenda chosavala pa miyala ya pa depoti mpaka pa basi yoyamba imene inali kulira. Simunafunse n'komwe kumene ikupita.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti ntchito yanga ndi ya kumapazi, nkhope za anthu sindiziyang'ana, ndiye sindinadziwe kuti zinafika poipa chotero. Linali bodza. Ndinaona. Diso lanu la kumanzere linali lotupa, lotsekeka, ndipo pa mpango wanu panali magazi ouma. Ndinaona musanakhale n'komwe pansi. Ndinaopa kuti mukalowa m'nyumba mwanga alamu adzabwera ndi phokoso, anthu adzati A Guluu Aume, wolangiza tauni yonse, walephera mlongo wake. Kulankhula kunali kosavuta kuposa kukuyalirani mphasa.

Ndikanakonda kukuuzani kuti nsapato ija ndinaisunga. Sindinaisunge. Inakhala m'bokosi miyezi iwiri, kenako ndinaidula zigamba. Chikopa chake chinali chabwino.

Ndiye munthu wake ndi ameneyu, amene akukupemphani malo. Mukakana, palibe amene angakuoneni cholakwa, ndipo ine sindidzatsegula pakamwa. Ndamva kuti muli ndi kagolosale m'mbali mwa msewu, kali ndi khonde. Sindikupempha chipinda. Pakona pa sitolo pamene mumaika makatoni pandikwana, ndipo masana ndizikhala pakhondepo ndi bokosi langa. Ndimayenda ndi ndodo, pang'onopang'ono, koma ndimafika. Kusamba ndingathe ndekha ngati pali mpando ndi ndowa, pansi posaterera; kuno sandilola kuyesa. Ndimadya pang'ono. Usiku ndimakhosomola, ndisakubisireni. Za pakamwa sindingalonjeze kuti ndachira, mwaona nokha pamwambapa. Koma ndikadzayamba, mudzangonditengera ndodo zanga n'kundisiya ndilankhule ndi khoma.

Mundiperekere moni kwa mwana uja munamugwira dzanja tsiku lija. Ayenera kuti ndi mayi tsopano. Ngati akukumbukira amalume ake, ndikudziwa chimene akukumbukira, musamukakamize kuyankha. Moni kwa akulu ake awiri, amene ndinamva kuti munakawatenga patapita chaka, nokha, popanda mwamuna wa kwanu wokuperekezani. Moni kwa adzukulu, amene sindikudziwa kuti alipo angati ngakhale maina awo. Ngati pakhomopo pali bambo, alamu anga amene sindinawaonepo, muwauze kuti ndawagwadira. Moni kwa anthu a kumeneko amene anakutsegulirani chitseko tsiku limene munatsika basi muja, kaya ndi ndani. Anagwira ntchito yanga.

Ndipo inuyo, Achemwali. Diso lija linachira? Limaona? Ndi funso limene ndinayenera kufunsa m'mawa uja, ndipo ndachedwa nalo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Chonde mundiyankhe. Mulembere kwa aphunzitsi, keyala yawo aiika kuseri kwa pepalali. Podzafika yankho lanu mpanda udzakhala utatha, ndiye akuti adzaima m'kanjiramo n'kuwerenga mokuwa, ine ndidzamvera pazenera, kenako kalatayo adzaiponya pamwamba pa mpanda kuti mwana wanga aione ndi maso ake. Odutsa onse adzamva, choncho ngati muli ndi mawu owawa, musawachepetse chifukwa cha zimenezo. Inenso anga ndinanena pa anthu. Mukafuna kulemba masamba khumi, lembani, ndidzamvetsera mpaka kumapeto osadula. Mukafuna liwu limodzi, likwana. Likakhala lakuti ayi, lembanibe, kuti ndileke kutchera khutu kukanjira.

Amisiri akuti aphunzitsi achoke, akufuna kuika mzere wina.

Ndine mlongo wanu,
wosoka nsapato.

Chala chili m'munsichi ndadinda ndine, ndi inki ya aphunzitsi.